Mwana Wanga Ankadwala Ine

Azimayi ndi azibambo, komanso inu alendo athu ochokera ku ofesi ya zaumoyo amene mwakhala kutsogoloku ndi mapepala anu, ndakupatsani moni nonse. Ine ndiyankhula chinenero cha kwathu, a Banda azikumasulirani. Chindebele ndimachidziwa, Chingerezi cha kuntchito ndimachidziwanso, koma zinthu zamanyazi munthu amazinena bwino m'chinenero chimene anayamwira.

Dzina langa ndine Laisoni Mbewe. Ndinabadwira konkuno ku Bulawayo. Bambo anga anachokera ku Dowa wapansi, nthawi ya Nyasalande, kudzafuna ntchito, ndipo kwawo sanabwererenso. Awo akhala pafupi ndi zenerawo, avala duku lobiriwira, ndi akazi anga, amake Malita. Ndawapempha chilolezo ndisanaimirire, chifukwa nkhaniyi ndi yawonso. Andiuza kuti ndinene zonse, ndisasiyeko kanthu.

Tamva kuti mwabwera kudzaona ngati ntchito ya a Sisita Ncube, yoyendera ana ndi mabanja ovutika maganizo m'makomo mwawo, ikuthandiza kapena ingoimitsidwa. Ine sindine wophunzira. Ndikuuzani za m'nyumba mwanga, inu muweruza nokha. Ndipo inu azibambo mwakhala kumbuyoko, amene akazi anu achita kukukokani kuti mubwere, mutchere khutu. Malo amenewo ndi anga, ndinkakhala pomwepo, pafupi ndi chitseko, kuti ndithawe bwino.

Ndinalowa ntchito ya njanji ndili mnyamata. Zaka khumi ndi zisanu ndinali shanta, wolumikiza mabogi payadi. Dziko lino litalandira ufulu, azungu ambiri ananyamuka, mipando inatseguka, ine n'kukwezedwa kukhala folomani. Anandipatsa nyumba ku Raylton, kumene kale munthu wakuda ankalowako pokhapokha akukasesa pabwalo. Zipinda zitatu, bafa la mkati, mtengo wa mandimu kuseri. Tsiku losamuka amake Malita ankangotsegula mpopi, kutseka, kutsegulanso, akuseka ngati mwana. Anthu a kumpingo anabwera kudzaona, nati Mbewe wadalitsika. Chinali chikomekome cha mkuyu.

Mabala a mowa amene kale ankatithamangitsa anali atatseguka. Anzanga a payadi anayamba kundinena kuti Mnyasa wasanduka mzungu, ndiye pofuna kuwaonetsa kuti ndikadali mnzawo, ndinkawatengera kumeneko n'kuwagulira. Poyamba Lachisanu lokha. Kenaka Lachisanu mpaka Lamulungu. Chaka chisanathe, botolo linkagona m'thumba la ovolosi. Kunyumba ndinayamba kumenya. Sindinena kuti tinkakangana, ayi, amake Malita sankandiyankha n'komwe. Ndinkawamenya ineyo, ndi manja awa, chifukwa cha mchere wochepa m'ndiwo, chifukwa cha malaya osasita, nthawi zina popanda chifukwa chilichonse.

Tsiku lina masana, nditaledzera, ndinakweza mbendera kuti injini ibwerere m'mbuyo mnzanga wina, a Moyo, akadali pakati pa mabogi. Mulungu yekha ndiye anawatulutsa. Anaduka zala ziwiri. Ntchito inatha sabata yomweyo, ndipo nyumba ya kuntchito imapita ndi ntchito. Tinakapezeka m'kachipinda kamodzi ku Makokoba, kuseri kwa nyumba ya eni ake. Amake Malita anayamba kugulitsa tomato ndi masamba kumsika wa ku Egodini kuti tidye. Ine ndinatsika kuchoka pa mowa wa m'mabotolo kufika pa chikokiyana cha m'mashabini. Ndinagulitsa wailesi. Ndinagulitsa makina osokera a akazi anga, amene mayi awo anawasiyira. Ndinkadzuka m'ngalande ana a sukulu akundiseka.

Tsopano ndinene za Malita, mwana wathu woyamba. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mawu ake anayamba kutha pang'onopang'ono. Anasiya kuyankhula ndi ine, sindinazindikire. Anasiya kuyankhula ndi ana a eni nyumba, kenaka ndi aphunzitsi, pomaliza ndi amayi ake omwe. Ukamufunsa kanthu ankangokuyang'ana. Anayamba kukodza pamphasa, mwana amene anasiya zimenezo ali ndi zaka ziwiri. Ankadzizula tsitsi mpaka pambali pa mutu panachita dazi lalikulu ngati chikhatho changa.

Ine ndinati ndi ufiti. Ndinati amene anandichitira nsanje pa ufolomani aja atembenukira kwa mwana. Ndinapita naye kwa sing'anga, anamutema mphini pachifuwa, mwana osalira n'komwe. Ndinapita naye kwa mneneri wa kuthengo, anamuthira madzi ozizira. Zonse zitakanika ndinagamula kuti ndi wamisala, tikamusiye kuchipatala chachikulu cha amisala, akhale komweko. Taganizani, abale anga. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu.

Amake Malita sananditsutse, ankadziwa malipiro a kunditsutsa. Koma aphunzitsi a mwanayo anali atawauza kuti kukiliniki yathu kwabwera nesi wophunzira za matenda a maganizo, amene amachita kulondola anthu kunyumba. Anapita mobisa, n'kukalembetsa dzina la mwana.

Ulendo woyamba a Sisita Ncube atafika, ndinatulukira kuseri. Ulendo wachiwiri anandipeza nditamwa, ndinawatukwana, ndinati za m'nyumba mwanga si za boma. Iwo anangopinda ambulera yawo, nati adzabweranso. Mukuwaona mmene alili, munthu wamfupi, mawu apansipansi. Ndinkaganiza kuti ndawaopseza. Ulendo wachitatu anabwera m'mawa, cha m'ma naini, ndisanalawe kanthu, ndili pakhomo manja akunjenjemera. Anali atafunsa kwa akazi anga nthawi imene mutu wanga umakhala wangawanga.

Anandipatsa moni mwaulemu, analowa, anakhala pansi pa simenti, osati pampando. Malita anali pakona, nkhope kukhoma. A Sisita anandipempha kuti ndipite kumapeto kwa msewu, ndikaime kumeneko pang'ono, kenaka ndibwerere ndendende mmene ndimabwerera masiku onse. Ndinaona ngati zachibwana. Koma ndinapita, mwina chifukwa cha manyazi a kutukwana kuja.

Zimene zinachitika ine kulibe anandiuza pambuyo pake akazi anga. A Sisita anatulutsa zitsekerero za mabotolo m'chikwama, nayamba kuzindandalika pansi ngati ng'ombe zolowa m'khola, osamuitana mwana, osamuyang'ana. Malita anatembenuka. Anasendera. Anatola chimodzi, nachiika pamzere. Anatolanso china. Amayi ake akuti anaona kukamwa kwake kukufuna kumwetulira.

Ine ndinabwerera. Ndinakankha kageti ka malata ka pamalopo, kanalira monga kankalirira. Ndinakhosomola pakhomo monga mwa chizolowezi changa. Ndinatsegula chitseko.

Zitsekerero zinali mbwee pansi ponse. Mwana kunalibe. Kunsi kwa bedi kunkangooneka timapazi tiwiri, ndipo kamtsinje ka mkodzo kankatuluka kumeneko, kakuyenda pa simenti, mpaka kanafika pa nsapato yanga.

A Sisita anati, "Baba Mbewe, gwadani muone."

Ndinagwada. Mwana wanga anali atadzipinda ngati bongololo, manja onse awiri ataphimba kumutu, maso atatsinzina zolimba. Sankalira. Ankangodikira.

Ndinawauza a Sisita kuti mwanayu sindinamumenyepo, ngakhale kamodzi. Zinali zoona. Iwo anati akudziwa, koma mwana ali ndi maso ndi makutu, ndipo chipinda ndi chimodzi. Kenaka ananena mawu amene ndidzapita nawo kumanda. Anayankhula m'Chindebele, pang'onopang'ono, kuti ndisaphonye.

"Mwana uyu si wamisala. Akudwala inu. Inunso mukudwala. Mankhwala alipo a nonse awiri, koma oyamba kumwa ndinu."

Ndinatuluka. Mapazi ankadziwa njira ya kushabini, koma sindinapiteko. Ndinakakhala kuseri kwa chimbudzi cha eni nyumba, dzuwa lili pamutu, ndinalira ngati wafedwa. Ndinali nditaona zala za a Moyo zili pa njanji, ine osasintha. Ndinali nditaona akazi anga diso litatupa, ine osasintha. Koma manja aja ophimba kumutu anandithyola msana. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Nditabwerera ndinapeza a Sisita akadalipo, atamusambitsa mwana pamodzi ndi amayi ake. Ndinayamba kulumbira kuti sindidzamwanso. A Sisita anandiletsa. Anati malumbiro amva ambiri, chimene akufuna ndi chimodzi chokha: mawa lake eyiti koloko ndikapezeke kukiliniki.

Alendo athu, izinso mulembe. Patapita miyezi a Sisita anandiuza okha kuti zimene anachita tsiku lija sadzazichitanso kwa mwana wina, chifukwa anamuopseza Malita pofuna kundiphunzitsa ine. Anati akanatha kupeza njira ina. Ine ndinapulumukira pomwepo, koma iwo anadziimba mlandu. Munthu wotere ndiye woyenera kumutuma kwa ana athu.

Mawa lake la tsiku lija ndinapita kukiliniki. Tsopano mverani bwino, inu a kumbuyo, chifukwa panalibe zozizwitsa. Zinali zinthu zing'onozing'ono.

Anandipatsa mapilitsi a sabata imodzi oletsa kunjenjemera. Sabata imeneyo ndinatuluka thukuta, ndinasanza, ndinaona nyerere zikuyenda pakhoma pomwe panalibe nyerere. Musamasiye nokha mowa woterewu, pitani akuthandizeni, ungakupheni. Itatha sabatayo anandiuza kuti ndisinthe njira. Msewu wodutsa pashabini ndinausiya, ndinkazungulira kumbuyo kwa sukulu ngakhale kunali kutali. Loweruka lililonse masana, nthawi imene mowa umaitana kwambiri, tinkakumana azibambo pakhonde la kiliniki. Tinkangouzana zoona, zimene sabata yatichita. Kumeneko ndinapeza mnzanga, a Tembo, ochokera ku Chipata, oyendetsa lole. Wina akasowa, mnzake ankapita kukamugogodera.

Ndinaitana ankhoswe athu, ndinagwada pamaso pawo, ndinapepesa akazi anga. Amake Malita sanafulumire. Anati, "Abambo ake Malita, pakamwa pamanama. Ine ndiziona ndi maso." Ankhoswe anafuna kuwakakamiza kuti akhululuke pomwepo. A Sisita anali atandichenjeza kale kuti zikatero ndiwaletse, ndipo ndinawaletsa.

Za mwana a Sisita anandipatsa malamulo ooneka ngati opepuka. Ndikafika pageti ndiziimba mluzu, ndiime, mpaka amayi ake anene kuti lowani. M'nyumba ndizikhala pansi, ndisamuimirire pamutu. Tsiku lililonse ndikhale naye pafupi kwa kanthawi ndikuchita ntchito yanga ya manja, osamufunsa funso, osamupempha kuti ayankhule. Limeneli ndiye linandivuta. Mtima unkafuna kumugwedeza kuti, nena kanthu mwanawe, ndasintha! Koma ndinkaluma mano n'kupitiriza kusoka nsapato.

A Sisita anapatsanso amake Malita kalendala ndi pensulo. Tsiku limene mwana wadzuka mphasa youma, aike chizindikiro. Tsiku limene wapita kusukulu, chizindikiro. Tsiku limene ine ndafika kunyumba wosamwa, chizindikiro. Pensuloyo inali ya akazi anga, ine sindinkaloledwa kuigwira. Mwezi ukatha a Sisita ankabwera kudzaiona, ndipo ankapitanso kusukulu kukamva kwa aphunzitsi. Sankakhulupirira pakamwa panga pokha, ndipo ankachita bwino.

Mwezi wachinayi ndinagwa. Kunali ukwati wa mwana wa mlongo wanga, wina anandipatsa chikho, ndinati kamodzi kokha. Sindinamenye munthu, ndinangofika kunyumba ndikununkha. Malita anakodzanso pamphasa sabata yathunthu. A Sisita atabwera sanandikalipire. Anayala kalendala pansi, naloza ndi chala tsiku langa lopanda chizindikiro, kenaka masiku asanu ndi awiri a mwana otsatira pamenepo. Ngati wina wa inu wagwa sabata ino, musathawe chifukwa cha manyazi. Bwerani mudzanene. Ine ndinanena pakhonde paja Loweruka lomwelo, a Tembo anandiperekeza kunyumba, ndipo chikho chimenecho chinali chomaliza.

Ku njanji sakanandilandiranso, ndipo sindiwadandaula. Koma manja a shanta amadziwa chitsulo. Ndinayamba kukonza mapulaimasi ophikira ndi nyali za parafini ku Egodini, pambali pa tebulo la akazi anga. Amene munandionapo nditagona m'ngalande munayamba kundibweretsera mapulaimasi anu. Ndikuthokozani, ena muli muno.

Popeza amake Malita ankalawirira kukapikula tomato, ntchito yokonzekeretsa mwana kupita kusukulu inagwera ine. Poyamba ankavala yekha ali kuseri kwa katani, n'kutuluka mondilambalala. Patapita nthawi anayamba kulola kuti ndimumangire zingwe za nsapato. Tsitsi pa dazi paja linali litayamba kumera, lofewa ngati la khanda, koma kwinako linali lolimba, lopotana. Tsiku lina Lachitatu m'mawa anabwera yekha, nandipatsa chipeso cha mtengo, nakhala pansi pakati pa miyendo yanga, atandifulatira. Mwana amene ankabisala akamva kukhosomola kwanga, anandipatsa msana wake.

Ine tsitsi la mwana wamkazi ndinali ndisanalipesepo chibadwire. Ndinalowetsa chipeso, ndinakoka ngati ndikumasula bawuti. Mutu wake unapendekeka. Ndinakokanso.

"Baba, kubuhlungu."

Chipeso chinagwa. Kwa inu amene Chindebele chimakuvutani, anati, bambo, zikupweteka. Mawu ake anali okhakhala, aang'ono, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegula. Panali patapita chaka ndi miyezi iwiri chiyankhulire. Ndipo tamvani chimene ananena. Sananene kuti zikomo, sananene kuti ndimakukondani. Anandiuza kuti ndikumupweteka, ndipo sanathawe. Anakhala pomwepo kudikira kuti ndipese bwino. Mwana amauza zimenezi munthu amene sakumuopa.

A Sisita anali atandiphunzitsa kuti tsikulo likadzafika ndisadzakuwe, ndisadzaitane anthu. Ndinatola chipeso, ndinati pepa mwanangu, ndipesa pang'onopang'ono. Ndinapesa misozi ikugwera m'tsitsi mwake. Ndinamuperekeza mpaka pageti la sukulu. Atangolowa ndinathamanga, bambo wamkulu ine, kuchokera ku Makokoba mpaka ku Egodini osaima. Amake Malita atandiona anaganiza kuti kwagwa zovuta. Nditawauza anakhala pansi pa kireti, anadziphimba kumaso ndi chitenje. Makasitomala anaima, tomato osagulitsidwa. Madzulo a tsiku limenelo amake Malita anandipatsa pensulo ija kuti chizindikiro ndiike ndekha.

Lero ndatha zaka zitatu osalawa. Dzina lathu linatuluka pa nyumba zatsopano za ku Nkulumane, tili kumeneko, zipinda ziwiri, zathuzathu. Ndinapita kwa a Moyo kukapepesa. Anandipatsa dzanja lomwelo la zala zitatu.

Tsono alendo athu, musalembe kuti ntchitoyi imachiritsa aliyense, likhala bodza. A Tembo, amene anandinyamula ine nditagwa, anabwerera ku mowa chaka chatha. Akazi awo anatenga ana n'kupita ku Chipata. Ndinawagogodera kangapo, sananditsegulire. Nthawi imeneyo a Sisita anali ndi makomo ochuluka, akuyenda wapansi ndi ambulera yawo kuchokera lokeshoni ina kupita ina, ndipo kwa a Tembo anatha miyezi iwiri osafikako. Sindikuti akanafika zikanasintha, sindikudziwa. Koma munthu mmodzi sangakwanitse. Muwapatse mnzawo, muwapatse ngakhale njinga. Mupezenso wodziwa chinenero chathu, chifukwa agogo ambiri amene akulera zidzukulu muno Chindebele chawo ndi cha pamsika, za mumtima sangazinene.

Ndiponso mukafuna kudziwa ngati ntchitoyi ikuthandiza, musakawerenge anthu olowa pakhomo la kiliniki okha. Ine pakhomo limenelo sindikanalowa mpaka imfa. A Sisita anachita kundilondola katatu. Pitani m'makomo. Funsani azimayi, panokha, amuna awo kulibe. Funsani aphunzitsi. Funsaninso amene zinawakanika, akuuzeni pamene panaduka chingwe.

Inu azibambo anzanga a kumbuyo, sindikuuzani kuti mulumbire. Lero mukafika kunyumba, muone chimene mwana wanu amachita akamva mapazi anu. Basi. Mukaona zimene ndinaona ine, Loweruka thu koloko mudzandipeza nditaima pageti la kiliniki. Simudzalowa nokha.

Ndisanakhale pansi, ndili ndi kapepala aka. Kabwera dzana kuchokera kusukulu ya Malita, ali giredi sikisi tsopano. A Banda, tawerengani mokweza alendo amve. Aphunzitsi akuti mwanayu walongolola kwambiri m'kalasi, akusokoneza anzake, anamuika kutsogolo koma akutembenukabe kumacheza, ndipo makolo abwere Lolemba. Ngati pamapepala anupo pali malo, kapepala aka mukaphatikize pomwepo, koma mundibwezere, ndikufuna kukaika mufelemu.

Lolemba ndipita, nditavala jekete, ndikapepese kwa aphunzitsi monga kholo. Amake Malita andiuza kuti ndimudzudzule mwanayo. Ndayesa kawiri konse. Ndikangoyamba, iye amayamba kufotokoza mbali yake, ine n'kumangomvetsera.

Zikomo, ndathera pamenepa.